Masokosi a Bambo

Ntchito yanga ndi yoweta udzudzu. Ndikanena zimenezi pagulu, anthu amayamba aseka kaye, kenako wina amafunsa ngati ndimakama kapena ndimagulitsa wamoyo. Ndinasiya kalekale kuyankha. Amene amanditopetsa kwambiri ndi aja amati, "Bwerani kwathu mudzatenge waulere," n'kumaseka okha ngati ndi oyamba kuganiza nthabwala imeneyo.

Labu yathu ili kumapeto kwa khonde lalitali, kuseri kwa zitseko ziwiri. Chipinda chowetera chilibe zenera, ndipo n'chofunda ndi chachinyezi ngati bafa imene wina wangosambamo. M'mashelefu muli makola a neti, ndipo ukalowa umamva kulira kwa udzudzu mbali zonse. Chimene timafufuza ndi momwe udzudzu umamvera fungo. Mphuno ngati yathuyi ulibe. Uli ndi tinyanga tiwiri pamutu, ndipo tinyangato tili ndi tiubweya tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Fungo likalowa pa timabowoto limapeza tizitseko, kachitseko kalikonse n'kumatsegukira fungo lokhalo lokakwana, ngati loko ndi kiyi wake. Kakatseguka, uthenga umathamangira ku ubongo kuti munthu ali uko, pita ukadye. Tizitseko ta mtundu umenewu timadalira kachiwalo kamodzi kothandizira. Ukangokachotsa, palibe n'kamodzi komwe kamatseguka.

Ine ndinakachotsa. Kunena n'kosavuta, koma zinanditengera zaka ndili chiweramire pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, kubaya mazira a udzudzu ndi kasingano ka galasi mpaka maso kuchita chidima. Potsiriza ndinapeza mtundu wa udzudzu wopanda kachiwalo kaja, ndipo ku labu tinkautcha udzudzu wachimfine. Funso langa linali limodzi: kodi udzudzu wotseka mphunowu ungathebe kumupeza munthu? Yankho lake ndiye linali mutu womaliza wa digiri yanga. A Pulofesa, amene ankayang'anira ntchito yanga, anali atanena mosapita m'mbali kuti popanda mutu umenewo digiri ndiiwale.

Vuto linali lakuti udzudzu wachimfinewo unali wofooka. Unkaikira mazira ochepa, ndipo a m'badwo womaliza sanaswe n'komwe. Umene unatsala m'khola unali womwewo basi, ndipo udzudzu sukhalitsa pa dziko. M'mawa uliwonse ndinkapeza wina uli chagada pansi pa khola, miyendo m'mwamba, n'kuusesa ndi kaburashi mtima ukundiwawa.

Poyesa timagwiritsa ntchito chubu chagalasi chokhala ndi mphanda. Mbali ina timaika sokosi yovalidwa, mbali ina yatsopano, fani n'kumakankha mpweya pang'onopang'ono, ife n'kumaona kumene udzudzu ulowere. Masokosiwo ndi a nayiloni ndipo ali ndi malamulo ake. Munthu asambe mapazi ndi madzi okha, asadzole kanthu, avale usana umodzi ndi usiku wake, kenako avule n'kutsekera m'botolo. Pamene ndinkayesa udzudzu wabwinobwino, ndinapempha masokosi kwa anthu angapo, koma a bambo anga anaposa onse. Udzudzu unkachita kukankhana polowera. Choncho theka loyamba la ntchito yonse linaima pa mapazi a bambo anga, ndipo theka lachiwiri linayenera kuima pa mapazi omwewo. Masokosi amene ndinasunga mufiriji anaonongeka pamene firijiyo inafa tonse tili pa tchuthi. Panafunika atsopano.

Bambo anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi moyo wawo wonse, wapansi, khomo ndi khomo, uku akupikisana ndi agalu a eni. Nkhani ya masokosi ija inawapatsa matama osaneneka. Udzudzu ankautcha "makasitomala anga," ine n'kumanditcha Dokotala ngakhale digiriyo ndinali ndisanaione. Koma nthawi imeneyo ankakhala okha, ndipo zinthu zinali zosavuta. Kenako anawapeza ndi matenda a shuga, achimwene anga n'kuwatenga kukakhala nawo. Achimwenewo amayendetsa thiraki ndipo pakhomo amangofika kudzasintha zovala, ndiye wolamula panyumbapo ndi akazi awo, alamu anga.

Alamu ndi munthu wabwino, ndiyambe ndanena zimenezo. Koma ukhondo wawo ndi woti ntchentche ikafuna kulowa m'nyumbamo imayamba yapukuta mapazi pakhomo.

Ulendo woyamba ndinasiyira Bambo masokosi ndi botolo, ndipo nditayamba kuwakumbutsa malamulo anandidula.

"Iwe Dokotala, ntchito imeneyi ndinaiyamba ndine. Uzipita."

Nditabwera kudzatenga, alamu anandilandira pakhomo ndi kaphukusi kopindidwa bwino.

"Alamu, zinthu zanu izi. Ndinazipeza m'botolo pazenera la abambo. Koma fungo lake! Ndachita kunyika kawiri."

Ndinanunkhiza. Maluwa okhaokha.

"Mwachapa?"

"Nanga mumafuna mupite nazo kuntchito zili choncho? Anzanu aziti kwanuko kulibe sopo?"

Ndinameza mawu oyamba amene anandifikira pakamwa. Ndinakhala pansi n'kufotokoza za tinyanga, za tizitseko, za chubu cha mphanda. Alamu ankamvetsera atagwira m'chiuno.

"Ndiye fungolo n'limene mukulifuna?"

"Lomwelo."

"Sukulu zinazi," anatero akupukusa mutu. Bambo pampando wawo anaseka mpaka kutsokomola.

Ulendo wachiwiri masokosi anafika ku labu osachapidwa. Ndinatsegula botolo mtima uli m'malo, koma chimene chinatuluka linali fungo la mankhwala, lija lozizira m'mphuno. Ndinaika dala mu chubu ndi udzudzu wabwinobwino kuti ndione. Unangokhala phee pa neti, wina n'kubwerera m'mbuyo. Ndinakwera basi nthawi yomweyo, ndikutukwana chamumtima njira yonse, ndipo alamu ndinawapeza kukhitchini akutsuka mbale.

"Alamu, ndinanena kuti asadzole kanthu."

"Munanena, ndinamva. Koma anesi nawonso ananena, ndipo iwo ndi amene anayamba. Madzulo aliwonse kuwasambitsa mapazi, kupukuta pakati pa zala, kuyang'ana kunsi, n'kuwadzoza. Mapazi amenewa samva, alamu. Mukawatsina sadziwa."

"Tsiku limodzi lokha. Limodzi! Phazi silingaduke chifukwa cha tsiku limodzi."

"Inu mumabwera Lamlungu ndi zipatso n'kumapita. Beseni ndimagwira ndine."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona, ndipo ine mawu oona amandipsetsa mtima kuposa abodza. Ndinayankha kuti bambowo ndi anga. Alamu anati akudziwa, n'chifukwa chake akudabwa. Ndinatuluka osatsanzika.

Mawa lake ndinapita kwa a Pulofesa kukapempha kuti tigwiritse ntchito munthu wina. Ndinati ngakhale ine ndikhoza kuvala masokosiwo. Iwo anavula magalasi n'kutikita m'maso, monga amachitira akafuna kukana mwaulemu.

"Chilolezo chimene tili nacho n'cha bambo anu. Cha munthu watsopano mukudziwa nokha mmene komiti yopereka zilolezo imachedwera. Ndipo fungo limene munaliyeza mbali ndi mbali miyezi yonse ija ndi la iwowo, si lanu. Udzudzu watsala wochuluka bwanji?"

"Wochepa."

"Ndiye musataye nthawi mu ofesi muno."

Madzi anali atafika m'khosi. Zaka zonse zija ndinali nditagonjetsa mazira osaoneka ndi maso, makina ovuta, komiti ndi firiji yakufa, ndipo tsopano ndinali kugonja kwa kachubu ka mafuta odzola. Ndinalowa m'chipinda chowetera n'kuima kutsogolo kwa khola. Udzudzu wanga unali pa neti, wosadziwa kanthu, ukuyamwa madzi a shuga pa thonje. Pansi panali wina wakufa.

Lamlungu ndinapita kwa achimwene ndi zipatso zanga zomwe zija. Alamu anandipatsa moni wa pakamwa pokha, ine n'kubweza womwewo. Potsanzika Bambo anatenga chipewa n'kunena kuti andiperekeza pokwerera basi. Titangokhota pa ngodya anaima.

"Dokotala, nkhope imeneyo sindikuikonda. Makasitomala anga ali bwanji?"

"Akufa, Bambo. Ndipo atsopanowa si aja akale. Awa mphuno zawo n'zotseka, ndinazitseka ndine. Ndikungofuna kuona ngati angakupezenibe. Akatha ndisanaone, zonse zathera pomwepo."

"Masokosi uli nawo?"

Ndinali nawo m'chikwama, ndi botolo lomwe. Sindinganame kuti anapezekamo mwangozi.

"Bweretsa. Apongozi ndithana nawo ndekha."

"Usana umodzi ndi usiku wake, Bambo. Mukavula mutsekere m'botolo, ndipo madzulo ake alamu akudzozeni monga mwa masiku onse."

"Ndamva, ndamva. Basi yako iyo."

Ndinakonza zoti ndikatenge Lachiwiri m'mawa. Koma tsoka silinunkha. Lolemba ndikuyesa makina kuti akhale okonzeka, fani ya chubu inalira modabwitsa, inatulutsa kautsi, n'kuima. Popanda mpweya woyenda fungo silifika kwa udzudzu, ndiye sokosi ikanangokhala chokongoletsa. Mmisiri wa pa labu anaiyang'ana n'kunena kuti mawa. Mawa lake anati kachipangizo kake kalibe, akafunsa kwa mnzake. Ndinayamba kumulondola ngati mwana wa nkhuku, ku shedi kwake, ku kantini, ngakhale pakhomo la chimbudzi. Kawiri ndinakwera naye basi kupita ku mashopu a zamagetsi, kumene aliyense ankatembenuza kachipangizo kakufako m'manja n'kutilozera shopu ina. Madzulo ndinkaimbira Bambo foni.

"Mwavula, Bambo? Mwatsekera bwino?"

"Usade nkhawa, Dokotala. Konza makina ako, za kuno zisiyire ine."

Fani inazungulira Loweruka m'mawa. Sindinadikire ngakhale kumuthokoza mmisiriyo mokwanira. Ndinafika kwa achimwene dzuwa likuswa mtengo, n'kupeza alamu akuyanika zovala kuseri.

"Bambo ali m'nyumba?"

"Anatuluka m'mawa. Masiku ano sakhala pansi, akuti adokotala anati aziyenda. Ndipo beseni anandilanda. Akuti iwo si mwana woti azisambitsidwa ndi mpongozi. Amadzitsekera m'bafa okha, potuluka avala kale nsapato." Alamu anasiya kukamula malaya n'kundiyang'ana m'maso. "Kaya anawapatsa nzeru zimenezo ndani."

Ndinakakhala pakhonde, botolo la madzi m'manja, ndikuyang'ana ku geti. Patapita nthawi Bambo anatulukira. Anali atavala majombo awo akuntchito aja, amene ine ndinkaganiza kuti anatayidwa kalekale, malaya atanyowa ndi thukuta mpaka kumsana. Ankatsimphina pang'ono, koma nkhope inali mwee.

"Dokotala! Wafika nthawi yabwino."

"Botolo lili kuti, Bambo?"

"Lili m'chipinda, lopanda kanthu. Katunduyo ndayenda naye." Anakhala pampando n'kumenya jombo ndi chikhatho.

Poyamba sindinamvetse. Kenako ndinayang'ana majombowo.

"Simunavule? Kuyambira Lamlungu?"

"Iwe, tsiku limodzi n'chiyani? Unanena wekha kuti makasitomala atsopanowa mphuno zawo n'zotseka. Munthu wachimfine sumupatsa fungo la tsiku limodzi n'kumayembekezera kuti amve. Ndinati ndimukonzere mwana wanga katundu weniweni. Ndazungulira mzere wanga wonse wakale, mpaka ku thanki ya madzi uko. Agalu ena akundikumbukirabe, iwe."

Ankayankhula monyadira, ngati mwana amene wasesa nyumba osatumidwa. Alamu anali atafika pangodya ya khonde, beseni la zovala m'chiuno.

Ndinagwada n'kuyamba kumasula zingwe. Jombo ya kumanzere inavuka mosavuta, ndipo fungo linandimenya mpaka misozi. Bambo anaseka, anavula sokosiyo okha n'kuikweza m'mwamba kuti tonse tione. Ya kumanja inakana. Ndinakoka pang'onopang'ono, ndipo itatuluka, fungo lake silinali la thukuta. Ntchentche zinafika ine ndisanaone chilichonse, ziwiri zobiriwira, n'kutera pa sokosi kunsi kwa chala chachikulu. Pamenepo nayiloni anali atamatirira ku mnofu, wonyowa, wakuda. Ndinapisa dzanja mu jombo n'kupeza kuti chikopa cha m'kati chinang'ambika kalekale, msoko wouma ngati waya uli pamtunda.

"Mukumva kuwawa, Bambo?"

"Ayi. Pali chiyani?" Anayesa kuwerama kuti aone, koma msana sunawalole.

Ndinene zoona, chifukwa zimandinyansabe ndikakumbukira. Ganizo loyamba limene linandifikira silinali la phazi. Linali lakuti masokosi aonongekanso. La phazi linabwera pambuyo, ndipo litabwera ndinakuwa.

"Ndinati tsiku limodzi! Tsiku limodzi, Bambo! Mwachulutsa gaga m'diwa!"

Bambo anandiyang'ana modabwa, sokosi ina ija idakali m'dzanja. Alamu anaika beseni pansi, anagwada pambali panga, anathamangitsa ntchentche ndi dzanja n'kutembenuza phazilo mosamala. Chalacho chinali chotupa, ndipo mtundu wake sunali wa munthu wamoyo. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, koma anangopitiriza kuliyang'ana phazilo.

"Alamu, pepani," ndinatero.

"Pepani sapoletsa chilonda. Itanani takisi."

Kuchipatala tinadikira pa benchi, phazi la Bambo litakulungidwa m'thaulo loyera la alamu. Iwo ankacheza ndi aliyense wokhala pafupi, kufotokoza za agalu ndi mamita. Titalowa, nesi anatsegula thaulo, anakwinya mphuno, n'kufunsa kuti amawasamalira ndani. Alamu anati ndi iwo. Nesiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye mayi, tinakuuzani chiyani za mapazi a munthu wa shuga?"

Alamu anangoweramitsa mutu. Ndinati wolakwa ndine, ndinayamba kufotokoza za udzudzu, koma nesi analibe nthawi ya tinyanga. Ananyowetsa sokosi ndi madzi a mankhwala, anaidula ndi sizasi pang'onopang'ono, anaimatula, n'kuiponya m'bini ya zonyansa.

"Musataye!" Bambo anadzuka theka pa bedi. "Mayi, musataye imeneyo! Ndi ya kuntchito kwa mwana wanga!"

"Gonani, bambo."

"Dokotala, uwauze!"

Nesi anatembenuka kufuna dokotalayo, n'kupeza ine. Ndinayang'ana pansi.

Dokotala weniweni atabwera anati Bambo agonekedwe, ndipo za chalacho aona mankhwala akagwira kapena akakana. Akuwakankha pa njinga ya odwala kupita ku wodi, Bambo anandikodola. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki komangidwa mfundo. Munali sokosi ya kumanzere ija. Kaya anaiikamo nthawi yanji m'chipwirikiti chonse chija.

"Iyi sanaione," ananong'ona. "Thamanga nayo."

Ndinailandira. Ndikanatani?

Lolemba ndinaiika patebulo la a Pulofesa ili m'kathumba komweko n'kuwauza zonse. Sanaikhudze.

"Pepani za bambo anu," anatero. "Koma sokosi yovalidwa sabata yathunthu, ya munthu amene ali ndi chilonda, yosungidwa m'thumba la jekete. Mukudziwa nokha."

"Ndikudziwa."

"Ngakhale udzudzu utavina, palibe angalandire zimenezo."

Ndinkadziwadi. Malamulo aja ndinalemba ndine. Komabe nditatuluka mu ofesimo miyendo inanditengera kuchipinda choyesera. Fani inali bwino, chubu chinali chotsuka, ndipo udzudzu wachimfine umene unatsala unali woti n'kuuwerenga ndi zala. Ndinavala magolovesi, ndinaika sokosi ya Bambo mbali ina ndi yatsopano mbali ina, ndinayatsa fani, n'kutsegula kachitseko ka khola.

Udzudzu wabwinobwino ukamva Bambo sumachedwa. Uwu unayamba wangoyendayenda pa galasi, kupukuta tinyanga ndi miyendo yakutsogolo. Ndinati basi, sukumva. Kenako umodzi unanyamuka, unapita uku ndi uku ngati woledzera, unafika pa mphanda, unazengereza, n'kukhotera kwa Bambo. Wina unatsatira. Wina unalowera kolakwika, unabwerera, n'kupita komweko. Pomaliza pafupifupi wonse unali pa neti ya mbali imeneyo, ukubaya ndi milomo yake kufuna kufikira sokosi.

Ndiye yankho linali limenelo. Tizitseko ndinatseka tija si tokha. Pali njira ina imene fungo la munthu limalowera, ndipo udzudzu wanga unali kundionetsa poyera, masana, maso anga ali tong'o. Koma sindikanatha kulemba ngakhale mzere umodzi. Aliyense akanati n'chifukwa cha kuchuluka kwa fungo, kapena matenda, kapena jekete, ndipo akanakhala akunena zoona. Ndinaima pamenepo ndili ndi mkwiyo wopanda woupsera. Bambo sindikanawakwiyira, alamu ayi, a Pulofesa ayi. Ndinamenya mpando ndi phazi, unagubuduka mpaka kukhoma, ndipo mmisiri uja anasuzumira pakhomo kufunsa ngati fani yapsanso.

Mankhwala anakana. Chalacho anachidula pakati pa sabata. Achimwene anaimba foni ali pa malire a dziko lina, ndipo zimene anandiuza sindingazibwereze pano. Ndinapita ku wodi nthawi ya masana yoonera odwala. Alamu anali kale pambali pa bedi, akusenda lalanje. Anandisunthira pa benchi. Phazi la Bambo linali pa pilo, lokulungidwa bandeji yoyera, ndipo kutsogolo kwake kunali kopwefuka mbali imodzi. Iwo anali ofooka, milomo youma, koma atandiona maso anawala.

"Dokotala. Ndiuze. Anabwera?"

"Anabwera, Bambo."

"Otseka mphuno aja?"

"Omwewo. Pafupifupi onse."

Anamenya matiresi ndi chikhatho n'kutembenukira kwa bambo wa pa bedi loyandikana nalo. "Mwamva, achimwene? Ndinakuuzani ine. Mwana wangayu tsopano ndi dokotala. Chala chimodzi n'chiyani, ndatsala nazo zambiri."

Alamu anasiya kusenda. Sanandiyang'ane, koma ndinadziwa kuti akudikira. Bodza linali pafupi, lofewa, loti aliyense akanandikhululukira. Koma Bambo akanafunsa za tsiku la mwambo wolandira digiri, akanafuna suti yawo ichapidwe, ndipo amene akanaichapa anali atakhala pambali panga.

"Sizilembedwa, Bambo."

"Bwanji?"

"Lamulo ndi tsiku limodzi. Ikapitirira, sailandira. Ndaona ndi maso anga kuti anabwera, koma sindingalembe."

"Ngakhale anabwera onse?"

"Ngakhale anabwera onse."

Bambo anayang'ana bandeji, anayang'ana denga, anakanda chibwano chosameta. Ndinkayembekezera kuti akwiye, ndipo ndinkafuna kuti akwiye, anditukwane pamaso pa wodi yonse kuti mwina mtima ungapepuke. Koma iwo anakoka bulangeti n'kutulutsa phazi la kumanzere, anagwedeza zala zake zonse zisanu.

"Ndiye bweretsa ena," anatero. "Ili lilipo. Ulendo uno tsiku limodzi, ndalumbira. Apongozi akhale mboni."

Alamu anaika lalanje pambale, anadzuka, n'kubwezera phazilo m'bulangeti. Ine ndinati ndamva, Bambo, tikambirana mukachira. Sindinawauze kuti m'mawa womwewo ndinali nditasesa udzudzu womaliza, n'kutsuka khola.